Nyemba za kuno ku Harare sizikupsa, vuto lili pati?

NaMangochi_Mufakose:
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi dandaulo, ndipo ndikufuna yankho lenileni chifukwa gasi akundithera pachabe. Ndinafika kuno ku Harare mu February kutsatira bambo akunyumba, tikukhala ku Mufakose. Kwathu ku Mangochi nyemba ndinkatereka ndikamaliza kusesa pabwalo, ikamakwana nthawi yophika nsima zinali zitapsa kalekale, msuzi utagwirana bwino. Kuno dzulo ndinatereka 8 koloko m'mawa, 12 koloko inakwana zidakali gwa. Madzi ndinathira kanayi. Poyamba ndinkati vuto ndi poto, ndinakagula wina ku Mbare, koma palibe chasintha. Apongozi anga ayamba kundiyang'ana ngati sindinalangizidwe za kukhitchini, ndipo zikundipweteka mtima chifukwa nyemba ndaphika kuyambira ndili mtsikana wa sitandade 5. Madzi timatunga pamjigo, poti pampopi amatuluka mwa apo ndi apo. Ndithandizeni abale anga: ndi nyembazi, ndi madziwa, kapena ndi dziko lake?

Kondowole_Epworth:
Achemwali, tiyambe ndi funso ili: pogula munanena kuti chiyani? Kuno mukati "nyemba" amakupatsani khobwe. Anzathu achishona khobwe ndi amene amamutcha nyemba, zathu zija amati bhinzi kapena sugar beans, pomwe nzama amati nyimo. Alendo ambiri zimawasokoneza.

NaMangochi_Mufakose:
Zimenezo zinandichitikira sabata yoyamba, achimwene, koma khobwe ndimamudziwa. Izi ndi sugar beans, zamawangamawanga zangati kholophethe wa kwathu.

Chigumu_Highfield:
Sonkhezerani moto basi. Gasi mukumuumira, ndiye nyemba zipsa bwanji? Ine ndimatsegula mpaka kumapeto.

Dalaivala_wa_Tete:
Si moto, achimwene, ndi dziko lake monga mayiwa anenera. Harare ali pamwamba. Ine ndimayenda ndi thiraki kuchoka kuno kudzera pa Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza, nthawi zina Beira kudzera ku Mutare. Yesani izi tsiku lina mukakwera basi yopita kumudzi: imwani madzi a m'botolo lapulasitiki muli kuno, mulitseke zolimba lili lopanda kanthu, muliike pansi pa mpando. Mukamafika pa mlatho wa Zambezi ku Tete mudzalipeza litafinyika ngati wina waliponda. Mukakwera mapiri a ku Zobue limayambanso kuwongoka. Makutunso amatsekeka potsika. Ndiye mpweya wa kuno ndi wa kumunsi si wofanana, ndipo ndikaphika mpunga pamseu ku Tete umapsa msanga kuposa kuno.

Chigumu_Highfield:
Botolo ndi nyemba zikugwirizana pati? Madzi owira ndi owira, kaya ku Tete kaya ku Harare.

Aphunzitsi_Opuma_Tafara:
Adalaivala anena zoona, ndipo botolo lawolo likuphunzitsa bwino kuposa zambiri zimene ndinkalemba pabolodi. A Chigumu, ndiloleni ndifotokoze pang'onopang'ono.

Tonse tinaloweza kusukulu kuti madzi amawira pa madigiri 100. Chimene aphunzitsi ambiri sitinkatsindika n'chakuti nambala imeneyi ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, monga ku Beira. Mpweya uli ndi kulemera. Sitikumva chifukwa tinabadwira momwemo, koma pamwamba pa mitu yathu pali mulu wa mpweya wotalika makilomita ambiri, ndipo umapsinja chilichonse, madzi a mupoto omwe. Kuti madzi awire, nthunzi ya mkati mwake iyenera kupeza mphamvu zokankha mpweyawo n'kutuluka. Ku Beira mulu wonse uli pamwamba pa poto, ndiye madzi amatentha mpaka 100 asanawire. Harare ali mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere. Gawo lina la mulu uja latsala kumunsi kwathu, chopsinja chachepa, ndiye madzi amawira msanga, pa madigiri pafupifupi 95. Botolo la adalaivala limafinyika chifukwa mkati mwake mwatsekeredwa mpweya wopepuka wa ku Harare, pomwe kunja wa ku Tete ukulipsinja mwamphamvu.

Kuwerengera kwake n'kosavuta: mukakwera mamita pafupifupi 300, digiri imodzi yachoka. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, ndiye ku Mangochi madzi amawira pa madigiri opitirira 98 pang'ono. Ku Lilongwe pafupifupi 96 ndi theka. Pa Sapitwa, pansonga ya phiri la Mulanje, pa mamita 3,002, amawira pa madigiri pafupifupi 90.

Tsopano za moto. Madzi akayamba kuwira sapitiriranso kutentha, ngakhale mutaika nkhuni za ngolo yathunthu. Moto wowonjezerawo umangosandutsa madzi nthunzi. Ndiye mukatsegula gasi mpaka kumapeto nyemba zili pa 95 yemweyo, chasintha n'chakuti madzi akuphwa msanga, mukuthira ozizira, poto akuyambiranso kutentha. Mayi a ku Mufakose anathira kanayi, ndipo ulendo uliwonse kuphika kunkaima kaye. Zikawira chepetsani moto, vundikirani, ndipo madzi owonjezera akhale otentha kale.

Chigumu_Highfield:
Ndiye kuti gasi yense ndakhala ndikutentha uja amangopita kudenga? Zandikhudza zimenezi, aphunzitsi.

Aphunzitsi_Opuma_Tafara:
Ambiri tinatero, bambo. Ndipo mayi a ku Mufakose asachite manyazi kuti anakagula poto wina. Mu 1835 Charles Darwin ankawoloka mapiri a Andes pakati pa Chile ndi Argentina, ndipo anagona pamalo okwera mamita oposa 3,000. Anatereka mbatata ya kachewere, inakhala pamoto usiku wonse, m'mawa anaiwiritsanso, koma sinapse. Anthu awiri amene anali nawo anakambirana n'kugwirizana kuti wolakwa ndi poto, poti anali watsopano.

MwanaWaKuDedza:
Pepani aphunzitsi, ulemu wanu, koma sindikugwirizana nazo zonse. Kwathu ku Dedza boma ndi pamwamba kuposa Harare, mamita pafupifupi 1,600. Kumazizira mpaka m'mafupa. Koma nyemba timalima ndife, timadya pafupifupi tsiku lililonse, ndipo sindinaonepo mayi anga akudikira maola anayi nyemba zili gwa. Chikhala chifukwa cha kukwera kwa malo, bwenzi a ku Dedza, a ku Lizulu ndi a ku Tsangano titasiya kalekale kudya nyemba.

Kondowole_Epworth:
Apa a ku Dedza amenya pamutu pa nkhani.

Wa_Chemistry_MtPleasant:
Ndimafuna kunena zomwezo. Zimene afotokoza aphunzitsi n'zoona ndithu, koma kusiyana kwa Mangochi ndi Harare ndi madigiri atatu ndi theka basi. Kungawonjezere nthawi yophika, inde, koma sikungaichulukitse kawiri. Pali china chikubisala. Amayi a ku Mufakose, ndiyankheni mafunso awiri. Mukasuzumira mkati mwa ketulo wanu, pansi pake pakuoneka bwanji? Nanga sopo wamtanda akuchita thovu mukamachapa ndi madzi a pamjigowo?

NaMangochi_Mufakose:
Iii mwanangu, wadziwa bwanji? Ketulo ndinagula mu April koma pansi pake pamera zoyera zolimba ngati laimu, kupala ndi supuni sizichoka. Sopo ndiye amangotha, thovu kulibe, pamwamba pa madzi pamayandama zinthu zotuwa ngati mafuta oundana. Kwathu madzi a m'nyanja sankatero.

Wa_Chemistry_MtPleasant:
Ndiye wolakwa wamkulu tamupeza, amayi. Madzi a pansi panthaka amakhala nthawi yaitali akudutsa m'miyala, ndipo amasungunula kashiamu ndi magnesium wa m'miyalamo. Si mijigo yonse, zimatengera miyala ya pamalopo, n'chifukwa chake mjigo wina sopo amachita thovu bwinobwino pomwe wina wapafupi ayi. Zoyera za mu ketulo wanu ndi kashiamu ameneyo, amatsalira madzi akawira. Zotuwa zoyandama ndi sopo amene wagwidwa ndi kashiamu asanagwire ntchito yake.

Mkati mwa nyemba muli timaselo tambirimbiri tomatidwa ndi chinthu chonga guluu chotchedwa pectin. Timati nyemba zapsa pamene guluu ameneyu wasungunuka, timaselo n'kulekana, ufa wa mkati n'kumwa madzi. Kashiamu akakumana ndi pectin amamumanga pamodzi ngati simenti pakati pa njerwa, ndiye kutentha kumavutika kumumasula. Mukathira madzi kanayi, madzi akuuluka koma kashiamu sauluka, akungochulukira mupoto. Ndiye mukamadikira kwambiri m'pamene msuzi ukuipiraipira.

Ketuloyo thiranimo viniga kapena madzi a mandimu osakaniza ndi madzi, mutenthetse pang'ono, musiye ola limodzi. Muona tithovu tikutuluka, zoyerazo zisungunuka. Ketulo wa zoyera amadyanso magetsi ndi gasi chifukwa kutentha kumavutika kudutsa.

Aphunzitsi_Opuma_Tafara:
Ndavomera ndi mtima wonse. Ndinathamangira chifukwa chimodzi poti ndi chimene ndimachikonda. A ku Dedza mwachita bwino kunditsutsa ndi chitsanzo chooneka.

Gogo_Mabvuku:
Akundilembera ndi mdzukulu wanga, ine maso anatha. Ndinabwera kuno ndili kamtsikana nthawi ya Federation, mzinda uno ukutchedwa Salisbury, bambo anga akugwira ntchito m'nyumba za azungu. Mayi anga nyemba zikakanika sankafunsa munthu. Ankatentha zitsononkho kapena masangwe a mtedza, phulusa lake n'kuika m'chitini chobowola pansi, kuthira madzi pamwamba, odontha aja ndiye chidulo. Kachikho kamodzi mumphika, nyemba zimagonja. Ndipo mphika unali wadothi, umakhala pamafuwa moto utazilala, nyemba zikupsa zokha ndi kutentha kwa mphikawo. Ana inu mwataya chidulo n'chifukwa chake mukulira. Komanso mchere musathire nyemba zisanapse, zimakwinimbira. Zimenezo ndiye musaiwale.

Wa_Chemistry_MtPleasant:
Agogo, chidulo chanucho ndi sayansi yeniyeni. Madzi a phulusa ali mbali yotsutsana ndi zowawasa, chimodzimodzi soda amene timathira mu thelere ndi mu nkhwani. Zinthu za mbali imeneyi zimadula pectin msanga. Amene alibe zitsononkho kuno kutauni atha kuthira soda wophikira, koma kansonga ka supuni yaing'ono basi pa makapu awiri a nyemba. Akachuluka nyemba zimamveka sopo mkamwa, zimasanduka phala, ndipo amawononga ena mwa mavitamini, makamaka B1.

Koma pa mchere ndipempha kusiyana nanu mwaulemu, agogo. Mchere saumitsa nyemba. Kuviika nyemba usiku m'madzi a mchere pang'ono kumathandiza khungu lake kufewa, chifukwa sodium wa mumchere amalowa m'malo mwa kashiamu uja. Chimene chimaumitsa ndi zowawasa, makamaka tomato. Ambiri amathira mchere ndi tomato nthawi imodzi, nyemba zikakana mlandu umagwera mchere.

Gogo_Mabvuku:
Mdzukulu wanga wandiwerengera. Za chidulo wayankhula bwino mwana ameneyu. Za mchere ayi. Ndaphika nyemba zaka zoposa 60, sindisintha lero.

NaMangochi_Mufakose:
Tomato ndiye ndinathira cha m'ma 10 koloko, ndinkati mwina zikoma poyembekezera. Ndiye kuti ndinadzitsekera ndekha njira.

Mayi_wa_pa_Musika:
Nonse mukukamba za madzi ndi mapiri, koma palibe wafunsa kuti nyembazo zili ndi miyezi ingati. Ine ndimagulitsa nyemba, nyimo ndi mtedza, ndikuuzeni za ntchito yanga. Nyemba zambiri zimakololedwa cha mu April ndi May. Pano ndi kumapeto kwa November. Zadutsa m'kutentha konse kwa October zili m'matumba pansi pa malata, tsopano chinyezi cha mvula chafika. Nyemba yotero imauma mtima, ngakhale muiviike bwanji imachedwa. Zina ndi za chaka chatha. A ku Dedza mayi anu ankaphika nyemba za m'munda mwawo zongomenya kumene, n'zosiyana ndi izi.

Pogula yang'anani mtundu. Sugar beans yatsopano imakhala yoyererako, mawanga ake ofiira owala, khungu losalala. Yakale imada, imapita kofiirira ngati dothi, mawanga sakuonekanso bwino. Mukaona m'chidebe chimodzi muli zowala ndi zakuda, dziwani kuti zina zipsa zina zitsala.

Chigumu_Highfield:
Ndiye osakanizawo ndinu nomwe amalonda. Mukutiuza ngati zimasakanizika zokha.

Mayi_wa_pa_Musika:
Alipo amene amatero, sindikana. Ine sinditero, n'chifukwa chake ndakuuzani poyera mmene mungazindikirire. Kasitomala amene nyemba zamukanika sabweranso.

Wa_Chemistry_MtPleasant:
Amayi a pa Musika anena chinthu chimene ofufuza za mbewu amachidziwa bwino. Nyemba zikasungidwa potentha ndi pachinyezi, kashiamu ndi magnesium amene anali womangika mkati mwa nyembayo amamasuka n'kukagwira pectin uja. Ndiye simenti ija imapangika mkati nyemba isanaone n'komwe madzi. Ku Dedza n'kozizira, nyemba zimasungika bwino. Kunyumba sungani m'chigubu chotseka bwino, pamalo ozizira, osati pafupi ndi mbaula kapena pawindo.

Bambo_a_Mapasa_Budiriro:
Ine nkhaniyi yandiopsa mbali ina. Ngati madzi kuno amawira pa 95, ndiye kuti tikamawiritsa akumwa tizilombo sitikufa tonse? Ife a ku Budiriro kolera timamudziwa, sitifuna kumuonanso. Ndili ndi ana aang'ono awiri.

Namwino_GlenView:
Funso lofunika kwambiri, bambo. Mtima ukhale m'malo. Tizilombo ta kolera, taifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba timafa madzi asanafike n'komwe pa 95. Kutentha kwa madigiri 70 kumatipha kale. Timanena kuti madzi awire chifukwa kuwira ndi chizindikiro chimene aliyense angachione popanda choyezera. Akawira mogubuduka, siyani mphindi imodzi yathunthu, muphule, azizire ali ovundikira. Kuno ku Harare zimenezo n'zokwanira.

Pamene anthu ambiri amagwera ndi pambuyo pake: madzi awiritsidwa bwino, kenako akuthiridwa mu ndowa yosavundikira, aliyense akuviikamo kapu ndi zala zomwe. Gwiritsani ntchito chigubu cha pakamwa pang'ono, muzichita kutsanulira. Ndipo madzi a pamjigo kuoneka oyera sikutanthauza kuti ndi abwino. M'madera othithikana ngati athu ano, paipi ya zonyansa ikaphulika zimalowa pansi n'kukafika kumene mjigo ukukoka. Mliri wa 2008 mpaka 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'dziko lino, ndipo wa 2018 unayambira kwathu kuno ku Glen View ndi ku Budiriro. Ndinaona ndi maso anga, sindifuna kuonanso.

Ndiwonjezere china poti tikukamba zofewetsa. Ndamva kuti ena amaponya mapiritsi a paracetamol mupoto wa nyemba kapena wa zam'kati kuti zipse msanga. Chonde abale, musayerekeze. Amenewo ndi mankhwala, akachuluka amawononga chiwindi, ndipo mwana amene akudya nawo thupi lake ndi laling'ono.

Bambo_a_Mapasa_Budiriro:
Zikomo anamwino, ndagona tulo lero.

Chiperoni_Dzivarasekwa:
Aphunzitsi, poti mwatsegula nkhani ya kukwera kwa malo, mwana wanga wa Grade 6 anandifunsa ndinasowa choyankha. Akuti ngati Harare ali pamwamba ndiye kuti ali pafupi ndi dzuwa, nanga bwanji mu June timadzuka udzu utayera ndi chisanu pomwe kwa agogo ake ku Nsanje, kumene kuli pansi, anthu amagona panja chifukwa cha kutentha?

Aphunzitsi_Opuma_Tafara:
Mwana ameneyo musamuletse kufunsa. Dzuwa lili kutali makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndiye kilomita imodzi ndi theka imene Harare wakwera si kanthu. Dzuwa limatenthetsa nthaka, nthaka ndiyo imatenthetsa mpweya. Mpweya ukamakwera umapeza chopsinja chachepa, umatambasuka, ndipo potambasuka umazizira, pafupifupi madigiri 6 ndi theka pa mamita 1,000 aliwonse. Nsanje ali m'chigwa cha Shire, mamita osakwana 100. Ndiye chimene chimachititsa kuti madzi awire msanga kuno ndi chomwechonso chimatipatsa chisanu. Mumuuzenso kuti dzina lanulo ndi la phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene a ku Thyolo ndi Mulanje amaona nkhungu ndi mvula yamawawa ikuchokera. Kuno nyengo yomweyo amaitcha guti. Ndi mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja ya Indian Ocean, imakwera mapiri n'kuzizira.

Chiperoni_Dzivarasekwa:
Ndimuwerengera madzulo ano. Chichewa akumva koma kuyankha amayankha m'Chishona, ndiye apindula pawiri.

Kondowole_Epworth:
Vuto limenelo lili m'nyumba zathu tonse. Anga amati sadza, ndikati nsima amaseka. Koma tabwererani ku nyemba abale, mayi aja gasi akutha.

Dalaivala_wa_Tete:
Yankho lachidule ndi pressure cooker. Ndinagulira akazi anga zaka zitatu zapitazo, nyemba zoviika theka la ola zapsa. Ndi yodula pogula koma gasi amene imapulumutsa amabweza ndalamayo.

Aphunzitsi_Opuma_Tafara:
Poto ameneyo amachita zosemphana ndi phiri. Amatsekera nthunzi mkati, chopsinja chimachuluka, ndiye madzi sawira mpaka atapitirira madigiri 110. Kuwonjezera madigiri 15 kapena 20 ndiye kumene kumasintha zinthu kwambiri, osati atatu aja. Anayamba kupanga ndi Denis Papin, munthu wa ku France amene ankagwira ntchito ku London, mu 1679, ndipo cholinga chake chinali kufewetsa mafupa. Chenjezo: nyemba zisapitirire theka la poto chifukwa zimafufuma ndi kuchita thovu, kabowo ka nthunzi kakhale kosatsekeka, ndipo musatsegule nthunzi isanathe.

Nachisale_Kuwadzana:
Si tonse tingakwanitse poto ameneyo. Ine njira yanga ndi ya dengu, inandipulumutsa nthawi imene magetsi ankazima tsiku lonse. Nyemba ndimaviika usiku. M'mawa ndimataya madziwo, kuthira ena, kuwiritsa mphindi 20 kapena 30, kenako ndimaphula poto ali chivundikirire n'kumuika m'dengu mmene ndayalamo bulangete lakale. Pamwamba pilo, m'mbali nsanza, osasiya mpata. Ndimapita kukagulitsa, pobwera masana poto adakali wotentha moti sungamugwire, nyemba zafewa, changotsala ndi kukazinga anyezi ndi tomato. Ndi nzeru yomwe ija ya mphika wadothi wa agogo. Ndipo ngati nyemba ndi zakale zokanikiratu, ndimazikazinga pang'ono, kuzipera, kupeta makoko, n'kuphika chipere. Chipere sichikana munthu.

Namwino_GlenView:
Njira yabwino, achemwali, bola kuwiritsa koyambako kusadumphidwe. Nyemba zosaphika, makamaka zofiira zangati phalombe, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Amatha nyemba zikawira mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Kungozitenthetsa osawira sikumuchotsa. Ndipo mukapeza poto wazizira m'dengumo, wiritsaninso musanadye.

MwanaWaKuDedza:
Ndiye tili ndi olakwa anayi: phiri, mjigo, ukalamba wa nyemba ndi tomato. Koma wamkulu ndani? Aliyense akukokera kwake.

Aphunzitsi_Opuma_Tafara:
Sitingadziwe pokangana, koma mayi a ku Mufakose angadziwe mawa lomwe. Mvula yayamba, ndipo madzi a mvula alibe kashiamu chifukwa sanadutse m'miyala. Tcherani beseni, koma yoyamba isiyeni itsuke fumbi ndi zitosi za padenga. Tengani nyemba za m'thumba limodzi lomwelo, mugawe patatu mofanana. Gawo loyamba muviike ndi kuphika m'madzi a pamjigo, lachiwiri m'madzi a mvula, lachitatu m'madzi a pamjigo othira kansonga ka soda. Tomato ayi, mchere ayi, moto wofanana, zonse zovundikira. Phiri silisintha, nyemba sizisintha, chosintha ndi madzi okha. Ngati muli ndi mwana wasukulu mupatseni wotchi ndi kope, mphindi 15 zilizonse azifinya nyemba imodzi ndi zala n'kulemba. Zaka zonse ndinaphunzitsa, chimene chinkandiwawa n'chakuti ana ankaganiza kuti sayansi imafuna labotale, pomwe kwawo kuli moto, madzi ndi mapoto.

NaMangochi_Mufakose:
Ndabweranso abale, papita masiku atatu poti ndimadikira mvula. Tachita monga ananenera aphunzitsi, wolemba anali mwana wanga wamkazi wa Form 1, ndipo anakana kupita kosewera mpaka poto womaliza. Ndinabwereka mbaula ziwiri kwa aneba kuti zonse ziyambe limodzi, makala tinagawa mofanana. Zonse zinagona m'madzi usiku.

Za soda zinapsa patatha ola limodzi ndi mphindi 15, koma zina zinaphulika ndipo bambo akunyumba akuti kakomedwe kasintha pang'ono, mwina ndinachulutsa. Za madzi a mvula ola limodzi ndi mphindi 45, ndipo zimenezi ndiye nyemba za kwathu zenizeni, msuzi wake wogwirana. Za pamjigo zinafika maola atatu, zinadyeka koma makungu adakali olimbirako. Apongozi anali pompo akuonerera, analawa mapoto onse atatu, ndipo ndi iwo amene anauza mwana wawo kuti agule mgolo wotchera madzi a mvula. Ketulonso wayera ndi mandimu.

Mayi_wa_pa_Musika:
Ola ndi mphindi 45 m'madzi a mvula, zoviika kale, ndiye kuti nyembazo n'zokalambako ndithu. Mudzayesenso mu May ndi zatsopano, mudzatiuze.

Wa_Chemistry_MtPleasant:
Mvula ikatha mu April musadandaule, amayi. Madzi a pamjigo mukawawiritsa n'kuwasiya azizire, gawo la kashiamu limatsalira pansi ngati zoyera zija, ndiye otsanulira pamwamba amakhala ofewerako. Safika pa a mvula koma amathandiza. Mwana wanuyo mumuuze asunge kopelo.

Gogo_Mabvuku:
Mdzukulu wanga wandiwerengera zonse. Ndakondwa kuti apongozi aona okha. Koma za mchere sizinayesedwe.

NaMangochi_Mufakose:
Zoona agogo. Mwana wanga wajambula kale mizere m'kope, akuti Loweruka mapoto awiri, madzi a mvula onse, wina wa mchere kuyambira poviika, wina wopanda. Nyemba zatsala makapu atatu, zikwana. A Nachisale, dengu lanu lija ndi lalikulu bwanji? Poto wanga ndi wa malita asanu.